Kansalu Kofiira ka Aglaé

Ndinali kusita madiresi a anthu pamene Mayi Gorju a m'chipinda chapansi anakwera masitepe ali wefuwefu. Ananyamula makala amoto m'kachitini, monga ankachitira m'mawa uliwonse osapemphedwa.

"Asisteri, mwana wanu uja mwamuona? Dzulo masana anali kumunda wa magule, tsitsi atameta mpaka pankhongo, diresi ngati khoko la anyezi. Amachita kulinyowetsa dala kuti limate thupi, chisanu chonsechi! M'khosi kansalu kofiira, muja achitira ana a anthu odulidwa mitu."

Simbi inawaula mkono wa diresi ndisanainyamule.

Amanditchulabe Asisteri ngakhale nyumba yathu ya masisitere kuno ku Paris inatsekedwa ufumu utagwa. Aglaé ndi mwana wa mlongo wanga Firmin, amene anafera pa chimpeni chodulira anthu mitu pabwalo. Chichokereni iye tinkakhala awiri m'kachipinda ka pansi pa denga. Dzina la Firmin ndinkalitchula kwa Mulungu yekha, chamumtima. Ndinkati chilonda chosakhudzidwa chimapola msanga.

Aglaé atabwera masana ndinamuvula mpango kumutu. Zinali zoona.

"Imfa ya bambo ako yasanduka chodzikongoletsera? Vula kansaluko, apo ayi tuluka nako."

Anatuluka nako.

Masiku khumi ndi awiri ndinadya ndekha. Ndinkatulutsa mbale ziwiri, n'kubweza imodzi. Koma m'mawa uliwonse ndinkapeza buledi pasitepe yomaliza, khoko lake litachotsedwa. Ndi munthu mmodzi yekha mu Paris amene ankadziwa kuti mano anga salimbana ndi khoko. Tsiku lakhumi ndi chitatu buledi sanabwere.

"Aglaé akutsokomola kwa mnzake wina wosoka zipewa," anatero Mayi Gorju. "Pitani, inu. Korona wanu wopempherera uja alibe miyendo."

Ndinatenga shawelo yanga yaubweya. Ndinamupeza atagona pa kabedi kuseri kwa mabokosi a zipewa, milomo itauma, kansalu kaja kadakali m'khosi.

"Azakhali, mwabwera kudzandivula?"

"Ndabwera kudzakufunditsa. Diresi lakolo ngakhale nkhuku singafungatiremo mazira."

Anaseka, chifuwa n'kumugwira. Ndinamugwirira mutu mpaka chinaleka.

"Mukudziwa chimene chimachitika ukavala kansaluka?" anatero. "Munthu wosamudziwa amakuyandikira n'kufunsa kuti, wanu anali ndani? Ndiye ndimayankha kuti Firmin Lasnier, wokonza mawotchi, ankayimba mluzu akamameta ndevu. Iyenso amanditchulira wake. Kenako timavina. Kunyumba zaka zinayi sindinamve dzina la bambo anga ngakhale kamodzi. Ndinkayesa mwina mukuchita nawo manyazi."

Ndinakhala pansi m'mbali mwa bedi. Mnzake uja anatiikira madzi otentha pampando, natuluka mwakachetechete.

"Firmin," ndinatero, mawu akutuluka ngati chitseko cha dzimbiri. "Ali mwana ankaba mapeyala kwa abambo mfumu a kutchalitchi n'kundinamizira ine."

Aglaé anatseka maso, akumwetulira. Kansalu kaja kanali katapendekeka. Ndinakawongola ndi chala, n'kumukulunga shawelo mpaka m'mapewa.

"Firmin ndinamusunga ndekha mumtima, ngati anali wanga ndekha," ndinatero mokweza kuti amve bwino. "Undikhululukire, mwana wanga. Undikhululukire."