Phulusa la Idwal pa Chitunda cha Penrallt

Idwal Probert adandiuza kawiri konse, koyamba ali wamphamvu, kachiwiri ali gone m'chipatala: "Cledwyn, akandiwotcha, usalole kuti andikhazike pashelefu ngati botolo la jamu. Ndikatulukire pachumuni cha Namba 14."

Kunjanji kwathu, komwe timayendetsa sitima zakale za malasha, anzathu timawaperekeza motero. Phulusa la munthu timalithira pafosholo, ndipo injini ikafika pomwe chitunda chawawa, nthunzi ikukoka moto ndi mphamvu zonse, timaliponya m'ng'anjo. Mpweyawo umalinyamula lonse n'kulitulutsira kumwamba pamodzi ndi utsi, mluzu ukulira. Ukaponya injini itapuma, phulusalo silipita kulikonse, limangokhala pamakala.

Injini ya Namba 14 Idwal adaipeza kotayira zitsulo, kamtengo katamera m'chumuni mwake. Adalimbana nayo zaka makumi awiri ndi zitatu, Loweruka ndi Lamlungu lililonse, osalipidwa, mpaka idayendanso. Tsono chilolezo cha thanki yake yowiritsira madzi, chomwe chimakhala cha zaka khumi, chinkathera Lamlungu lomwelo la ulendo wathu. Kutacha ankayenera kuiphwasula, ndipo pamzere wa zodikira kukonzedwa idali yachinayi. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri, sindidzaionanso ikufuka. Ulendo woti tim'perekezere Idwal udali umodzi wokhawo.

A Tegwen, akazi ake, adafika m'mawa kukuwaza mvula, atakumbatira kabokosi ka thabwa momwe mudali phulusa la Idwal. Pazaka zonsezo adali asanapondepo pamalo athu. Injiniyo ankaitchula kuti chibwenzi cha amuna awo, ndipo potero sankaseka.

"Ndiye ndi ameneyu," adatero akuiyang'ana kuyambira kumawilo. "Ndimayesa ndi wokongolako."

Tidawakweza kutsogolo, pakati pa ine ndi Meirion woyendetsa. Ntchito yanga ndi ya moto ndi madzi. M'mabogi asanu kumbuyo mudadzaza alendo ndi makamera awo, ambiri osadziwa n'komwe kuti akwera sitima ya maliro.

"Nkhalamba iwe, moto wakowo ungawiritse dzira?" adafunsa Meirion tikunyamuka.

"Yang'ana njanji, maso akowo adatha kale."

Tinkatukwanizana choncho kuti tisalire, chifukwa aliyense ankadziwa kuti fosholo ndidagwirayo idali ya Idwal.

Chitunda cha Penrallt chimayambira pamlatho. Meirion adatsegula nthunzi, injini n'kuyamba kubangula, pansi pakunjenjemera. Moto udayera mbee. Ndidatambasula fosholo.

"Mayi Probert, malo ake ndi ano. Thirani apa."

Iwo adangokafinyira kabokosiko pachifuwa.

"Mayi, nthawi ndi inoyi."

"Dikirani."

Apa mpamene ndidalakwira, ndipo sindinamizira wina. Pokwera chitunda thanki imamwa madzi kwambiri, umayenera kumaonjezera. Koma madzi ozizira amafooketsa nthunzi, nthunzi ikafooka mpweya wokoka phulusa umachepa. Ine ndinkafuna Idwal atuluke ndi mkokomo woti aumve ndi a kutsidya kwa chigwa. Ndidayang'ana kagalasi koonetsa madzi, kakuonetsa theka, ndidati basi akwana. Ha! Ine wa zaka makumi atatu pafosholo, ine amene ndakalipira anthu ambirimbiri kuti pachikweza kagalasi kamanama, chifukwa madzi onse amathamangira kumbuyo komwe kali. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

"Mayi, chonde!"

"Musandikuwire!" adandibwezera. "Ndam'dikira zaka zonsezi chakudya chikuzizira patebulo. Mwana wathu akubadwa, iye anali kuno. Tsiku la maliro a mayi anga anabwera mafuta ali m'zikhadabo. Milungu itatu yokha iyi, ali m'kabokosi, ndi imene wagona m'nyumba osathawira kuno, ndiye mukufuna ndim'pereke msangamsanga? Inunso dikirani."

Ndidakwiya, ndisabise. Ndidafuna kuwalanda kabokosiko. Koma chifundo chidandigwiranso, poti zonse adanenazo zidali zoona, ndipo masiku ambiri amene ankanenawo wom'chedwetsa Idwal ndidali ine.

Tidadutsa nkhalango, tidadutsa khola la nkhosa. Meirion ankangondiponyera diso.

"Cledwyn, madzi."

"Ali bwino."

"Pamwamba ndi apa. Kuseriku kuli kona, nditseka nthunzi."

"Gwira pang'ono!"

"Ndigwire ndi anthu mazana awiri kumbuyoku? Wapenga?"

Nthawi yomweyo a Tegwen adatsegula kabokosi. Adathira phulusa pafosholo, lina likugwera pansapato zanga. Adati, "Pita kwa mnzakoyo." Ndidatembenuka, ndidatsegula chitseko cha ng'anjo, ndipo fosholo ili m'malere Meirion adatseka nthunzi. Kubangula konse kudaleka. Dzanja langa lidali litapita kale. Ndidaliona phulusalo likugwera pamakala n'kukhala pomwepo, kamulu kotuwa pakati pa moto.

Injini idaweramira kumtsetse. Madzi onse adathamangira kutsogolo, kagalasi n'kutsala kopanda kanthu. Ndidatsegula mipope yonse iwiri yolowetsa madzi, koma mochedwa. Padenga la ng'anjo pamakhala kachitsekerero ka mtovu, kamene kamasungunuka denga likauma kuti thanki isaphulike. Tidangomva phuu! Nthunzi ndi madzi zidakhuthukira pamoto, m'kati monse mudachita mdima woyera, a Tegwen n'kukuwa.

Kunjanji kulibe manyazi oposa kusungunula mtovu. Munthu amakumbukiridwa nazo mpaka kumanda. Ndipo lamulo lake ndi limodzi, lopanda kukambirana: moto wonse utuluke, msanga.

Meirion adaimitsa sitima, adawatsitsa a Tegwen n'kuwaimika patali ndi njanji. Kenako adandipatsa fosholo yaitali yotayira moto.

"Meirion, Idwal ali m'menemo."

"Ndikudziwa. Taya."

"Tingokoleza pang'ono, akoke kamodzi kokha..."

"Ukufuna uphe injini yakenso? Taya, Cledwyn!"

Ndidataya. Fosholo ndi fosholo, makala ofiira, malasha osapsa, zinyalala zonyowa, zonse ndinkaziponya pamiyala ya m'mbali mwa njanji, mvula n'kumazizimitsa zikulira tsiii. Alendo adatulutsa mitu pamawindo, ena akujambula. Bambo wina wachipewa chodzaza mabaji adafuula kufunsa ngati zimenezi zili papulogalamu. Ndikanakhala pafupi naye, sindikudziwa chomwe ndikadam'chita ndi fosholoyo.

Ng'anjo itatsala yakuda ndidatsika. Mulu udatalika ngati bedi, ukufuka. Meirion adapita kukaimba foni kuti atitumizire injini ya dizilo idzatikoke, chinthu chomwe Idwal ankadana nacho kuposa matenda.

A Tegwen adabwera pang'onopang'ono, tsitsi litanyowa, kabokosi kali kotsegula m'manja. Ndidayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikadakondwa. Iwo adagwada pamiyala pafupi ndi muluwo, kutentha kukuwawomba kumaso, n'kuuyang'ana kuchokera uku mpaka uko.

"Sanatuluke," adatero.

"Ayi, mayi. Ndalakwitsa ndine."

Adagwedeza mutu ngati sadamve. Adandiyandikizira kabokosi kaja.

"Basi, ndibwezereni, ndipite naye kunyumba. Inu mumadziwa za moto, a Cledwyn. Idwal ndi uti pamenepa?"

Ndidaima ndi fosholo m'manja, ndikuyang'ana phulusa la malasha ndi phulusa la mnzanga. Lonse lidali lotuwa chimodzimodzi.