Nthanda Masana

Atelala anali ndi makina oonera nyenyezi, chimpope choima pa miyendo itatu, koma akazi awo anali asanasuzumiremo ndi kamodzi komwe. Mayiwo anali namwino wa usiku. Nyenyezi zikamatuluka amakhala ali m'wodi, pofika pakhomo n'kuti dzuwa litakwera.

"Mkazi mnzanga wagona bwanji?" ankatero povula nsapato, akuloza chimpopecho ndi mlomo.

Atelala ankaseka nawo, koma mumtima zinkawakhudza. Choncho anayamba kuphunzira timagudumu tiwiri ta pamakinawo, timene chigulireni ankangotipukuta fumbi. Tinali ndi timizere ndi manambala ngati tepi yoyezera nsalu. Buku lawo linati chilichonse chakumwamba chili ndi manambala ake awiri. Ukatembenuza mpope mpaka timivi tiloze manambalawo, chinthucho uchipeza ngakhale maso asakuchiona.

Sabata yathunthu ankangopeza thambo lopanda kanthu. Atadziwa pomwe miyendo iyenera kuima, analembapo ndi choko chawo cholembera pansalu, pakhonde, pamthunzi wa khoma kuti dzuwa lisalowe mumpope.

Lachiwiri masana anadzutsa akazi awo.

"Bambo, nyumba ikupsa kapena?"

"Tabwerani, mudzaone nyenyezi."

"Dzuwa lili paliwombo? Ulusi wakuzengani m'mutu inu."

Anatulukabe, maso ali lendelende, atafunafuna masilipasi. Anawerama n'kusuzumira.

"Mulibe kanthu muno."

Atelala anayang'ananso manambala, kenako wotchi, n'kukumbukira kuti thambo silidikira munthu wofuna masilipasi. Anasuntha gudumu limodzi pang'ono, theka la kamzere.

"Yesaninso, mayi."

Mayiwo anasuzumiranso. Pakati pa thambo loyera mbee panali kanthu kowala, kobenthuka mbali imodzi.

"Kamwezi kameneka mwakatenga kuti?"

"Si mwezi. Ndi Nthanda."

"Yomwe ndimaiona pawindo la wodi kukamacha?" Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumwamba ndi maso okha, osaona kanthu, n'kubwereranso pampope akuseka. "Kani masana siipita kukagona?"

Tulo tonse tinawathawa. Anakoka mpando, n'kuuza amuna awo kuti awasonyeze mawerengedwe a timagudumuto. Kasitomala wina atabwera kudzatenga thalauza lake, mayiwo ndi amene anamugwira dzanja.

"Thalauza silithawa, achimwene. Tsinzinani diso limodzi, ndipo musagunde mwendowo."