Masamba a Pamsewu

A Kalisto anamwalira Lachiwiri, mademo anayamba Lachitatu. Mawu awo omaliza kwa mkazi wawo Monika anali akuti, "Musandisiye m'tauni muno. Mukandigoneke ku Nsanje, pafupi ndi mayi anga." Monika anavomera.

Bokosi linali pabalaza, m'nyumba yawo ku Ndirande. Lole yodzanyamula maliro inaima ku Makata, chifukwa msewu wonse unali miyala ndi matayala oyaka. Anyamata ankagenda, asilikali ankawathamangitsa, kenako anyamata aja ankatulukiranso kuseri kwa maokala.

Mlamu wake wa Monika, a Onesimo, anali atayala masamba a mango pamsewu, monga timachitira pakagwa zovuta, kuti odutsa adziwe. Koma masiku amenewo anyamata a mademo nawonso ankathamanga ndi nthambi m'manja.

Lachinayi lole inali isanafikebe.

"Adalaivala, muli pati?" a Onesimo anakuwa pa foni.

"Pomwe ndinali dzulo paja, bwana."

"Ndiye tizingokhala ndi maliro kutentha konseku?"

"Akandiswera galasi mugula ndinu? Lole si yanga iyi."

Monika ankangosuntha mikanda ya kolona yake.

Chakumasana galimoto ya asilikali inatulukira pakona. Anaona masamba, anaona anthu ataunjikana, sanafunse. Chitini cha utsi wokhetsa misozi chinagwera pakati pa amayi a kwaya. Nyimbo inathera pakati. Anthu anabalalika akutsokomola, ena kugwetsa mabenchi.

"Maliro ano!" a Onesimo anafuula, maso ali psuu. "Kwanu simumafa?"

Monika anatsala yekha pambali pa bokosi, atadziphimba chitenje kumaso. Msilikali wina analowa mfuti ili patsogolo. Ataona bokosi anaima, navula chipewa. Anatulutsa botolo la madzi, nalipereka ndi manja awiri.

"Sukusulani, mayi. Pepani. Tinaona masamba, timayesa ndi anyamata aja."

"Masamba a maliro amagona pansi, mwananga. A mademo amayenda." Anasukusula. "Lole yathu ili ku Makata. Simungaiperekeze?"

"Ine ndine wamng'ono, mayi. Atiuza kuti pasadutse galimoto."

Potuluka, msilikali uja anatola masamba amene galimoto yawo inamwaza, nawayalanso bwinobwino pamsewu.

Anthu atabwerera, akuluakulu a mpingo anagwada pafupi ndi Monika. Anayankhula motsitsa mawu. Thupi linali litayamba kusintha, silikanatha kugonanso tsiku lina.

"Ndinawalonjeza," anatero Monika.

"Tikudziwa, alamu," anayankha a Onesimo. "Koma tipita bwanji? Pamutu mpaka ku Nsanje?"

Ananyamula bokosi pamapewa kupita kumanda a m'tauni. Pomwe panali matayala oyaka, anyamata anaika miyala pansi, ena analandira bokosi mpaka kudutsa utsi, kenako anabwerera kukagenda.

Adzukulu atatsala pang'ono kumaliza kukwirira, foni ya a Onesimo inalira.

"Bwana, msewu autsegula! Ndikubwera, konzekani."

A Onesimo anayang'ana mlamu wawo, pakamwa pali yasa.

"Muuzeni abwerere," anatero Monika.

Mkulu wa mpingo anayambitsa Atate Athu. Monika anapemphera nawo mpaka pa mawu akuti "kufuna kwanu kuchitidwe." Pamenepo anatseka pakamwa, ena napitiriza.