Batire Lokana Makoyilo a Ababa

Ababa anga ndi ometa tsitsi. Kanyumba kawo kometera kali kuseri kwa sitolo ya nsapato. Muli mpando umodzi wozungulira, benchi la odikira, kalilole wamkulu wong'aluka pakona, ndi shelefu imene amayalapo makina, zipeso ndi masizasi. Kuyambira ndili wamng'ono anthu ankawatchula kuti a Chumuni, chifukwa ndudu sinkachoka pakamwa pawo. Ankameta munthu ndudu ili lende pamlomo, phulusa likugwera pansalu yofunditsa kasitomala, iwo n'kumangolisasa ngati ndi tsitsi.

Amene anawasiyitsa fodya ndi mwana wanga. Tsiku lina anafuna kumunyamula, mwanayo n'kutembenuza nkhope, amvekere, "Agogo akununkha moto." Tonse tinaseka, koma iwo sanaseke. Posakhalitsa mng'ono wawo, bambo anga aang'ono, anawabweretsera ndudu ya batire yooneka ngati cholembera chonenepa. Kumunsi kwake kuli batire lokhala ndi kabatani koyaka, kumtunda kuli kathanki ka madzi ake, ndipo m'kathankimo muli koyilo, kawaya kopotana kamene kamatentha n'kusandutsa madziwo nthunzi. Bambo aang'onowo anamwalira chaka chotsatira. Chipangizocho chinakhalabe m'thumba la malaya a Ababa mpaka penti inasupuka, chitsulo n'kuyera ndi zala, ndipo ndudu ya pepala sanaikhudzenso.

Koyilo imapsa pakapita nthawi, umagula ina n'kusintha. Ndiye tsiku lina Ababa atapita kusitolo kumene ankagula, wogulitsa anawapukusira mutu.

"Mtundu umenewu unasiya kubwera, madala. Ingogulani chatsopano, onani izi."

"Zonga sopo wochapirazi?" anatero Ababa. "Ayi, bwanawe. Ndipatse waya ndi thonje, ndikapanga ndekha."

Wogulitsayo anawapatsa timipukutu tiwiri ta waya wopangira makoyilo, wina wonenepa, wina wowonda. Ababa anayamba kuonera mavidiyo pafoni, ndipo pakakhala palibe wometa ankatsegula makoyilo akale opsa, kuchotsa kawaya kakuda, kupota katsopano n'kulowetsamo thonje. Akamangirira pabatire n'kudina batani, kagetsi kankangophethira kenako zii. Ankapota ina, n'kukhala chimodzimodzi.

Ine ndimakonza mafoni. Ndili ndi kashopu kanga pakhonde la nyumba ina yamasitolo, ndipo ntchito yanga tsiku lonse ndi mabatire ndi timawaya. Koma Ababa sanandiuze kanthu. Kwa iwo ndinali ndikadali kamtsikana kosesa tsitsi pansi pa mpando. Amene anabwera ndi Amayi. Anakhala pasitulu ya makasitomala, chikwama ali nacho pamiyendo.

"Abambo ako atha waya wokwana kumangira khola la nkhuku," anatero. "Kunyumba sitikupuma. Mphaka akadutsa, mlandu. Supuni ikagwa, mlandu. Dzulo ndawaona ataima pagolosale, akuyang'ana pashelefu ya ndudu ngati munthu amene wakumana ndi chibwenzi chake chakale. Sanagule. Koma zamawa sindikudziwa."

"Bwanji osangondifunsa?"

"Ukuwadziwa abambo ako. Upiteko, koma usakanene kuti ndakutuma ndine."

Ndinapita Loweruka masana, mita yanga yoyezera magetsi ili m'chikwama. Ndimasunga tsitsi lalifupi, choncho ndinalowa ngati kasitomala wamba n'kukhala pampando.

"Mundichepetseko m'mbalimu, Ababa."

Anandifunditsa nsalu. Dzanja lawo, limene nthawi zonse limakhala lopepuka pamutu, tsikulo linali lolemera. Pashelefu, pakati pa botolo la sipiliti ndi burashi, panali sosala yodzaza ndi timakoyilo tonyezimira. Ndinatola kamodzi n'kukayang'anitsitsa. Mizere yake inali yogundana bwino, yofanana, popanda wokwera pa unzake.

"Izi mwagula kuti?"

"Ndapanga ndine. Zinyalala zimenezo, zisiye."

"Zinyalala zokongola chonchi?"

Anazimitsa makina. Mbali imodzi ya mutu wanga inali itametedwa, inayo ayi.

"Manja atha, mwananga," anatero motsitsa mawu. "Mnyamata wa muvidiyo amapota kamodzi, chimayaka. Ine ndapota mpaka zala zatuluka matuza. Mwina ndi maso, kaya."

Pabenchi panali bambo wina woyendetsa lole, kasitomala wawo wakale, akudikira kumetedwa ndevu. M'dzanja mwake munali chipangizo chatsopano, chimodzi mwa zonga sopo zija. Ndinamupempha kuti andibwereke. Ndinachotsa thanki yake n'kumangirirapo ya Ababa, yomwe munali koyilo yawo yomaliza. Mazinga ake anagwirizana. Nditadina batani, chinalira kuti tsss, nthunzi n'kutuluka.

Ababa anandilanda n'kudina okha. Chinaliranso.

"Ndiye kuti koyilo yanga ilibe mlandu?"

"Ilibe. Amene akukana ndi batire lanu."

"Ndinanena ine," anatero dalaivalayo. "Litayeni limenelo, a Chumuni, lakalamba."

"Iwe ukakalamba tidzakutaya?" anamuyankha Ababa. Kenako anatembenukira kwa ine. "Lafa?"

Ndinatulutsa mita n'kuyeza batire. Moto unalimo wokwanira. Ndinayeza koyilo, manambala n'kutsika kwambiri. Ndinatolanso ina m'sosala, ndi inanso, zonse zinali zotsika. Ndinafunsa ngati ikadalipo koyilo ya kusitolo imene sanaiphwasule. Anafufuza m'dirowa n'kupeza imodzi yakuda bii. Imeneyo manambala ake anali okwera pafupifupi kawiri.

"Silinafe, Ababa, likuchita mantha," ndinatero. "Waya wanu ndi wonenepa, komanso mwauzunguliza pang'ono. Magetsi akudutsamo ngati madzi m'paipi yaikulu. Batire latsopanoli ndi lamphamvu, silidandaula. Lanuli likaona moto ukutuluka wambiri chotero limaganiza kuti pachitika shoti, ndiye limadzitseka kuti lisapse. Kuphethira kuja n'kukuuzani zimenezo."

"Ndiye mnyamata wa muvidiyo uja anandinamiza?"

"Sanakunamizeni. Iye amapangira zatsopanozi."

Ababa anatsegula dirowa ina n'kutulutsa mpukutu wa waya wowonda, usanatsegulidwe n'komwe.

"Uwu ndinauona ngati wosalimba. Ndinkatinso mwina nditenge wa m'makina akale ometera awa."

"Umenewo ayi. Ndi wa kopa, uli ndi vanishi, si wopumira munthu. Wowondawu ndi umene tikufuna, ndipo muuzungulize kambiri kuposa kale."

Ndinati ndiwasonyeze. Ndinatenga singano yaikulu imene ankapoterapo n'kuyamba kukulunga. Waya wowonda ndi wamakani, umabwerera ngati sipuling'i. Mizere yanga inakwerana, ina kutalikirana, chinthucho n'kuoneka ngati chisa cha mbewa. Ababa anachiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Mafoni a anthu aja umawakonza ndi manja omwewa?"

"Mafoni sapota, Ababa."

"Bweretsa kuno."

Anavala magalasi n'kukhala pampando wometera. Anapanikiza nsonga ya waya ndi chala chachikulu, n'kumatembenuza singanoyo pang'onopang'ono, waya uli kwee. Ine ndinkatembenuza waya, iwo ankatembenuza singano, kusiyana kwake kunali pamenepo. Itatha ndinaiyeza, manambala anafika pamene panali ya kusitolo ija. Analowetsa thonje, n'kupisa miyendo iwiri ya koyilo kumunsi, umodzi mkati mwa kalabala kotchinga magetsi, winawo kunja kwake, n'kutseka ndi kapini. Anadontheza madzi, kudikira kuti thonje linyowe, n'kumangirira pabatire lawo. Dalaivala uja anasendera kutsogolo pabenchi.

Anadina. Kagetsi kanaphethira, zii.

Ababa anachiika pashelefu n'kuvula magalasi.

"Basi, mwananga. Wayesetsa. Khala ndikumalize mutuwo."

Ndinakana kukhala. Ndinamasula thanki n'kuyezanso koyilo ili m'chitsulo chake. Manambala, amene poyamba anali bwino, tsopano anagwa mpaka pansi, ndipo ndikaigwedeza ankadumphadumpha. Ndinawauza kuti iyi ndiye shoti yeniyeni, pali pena pamene waya ukukhudza chitsulo. Ndinaunika ndi tochi ya foni, kuitembenuza uku ndi uku, koma sindinaone kanthu.

Ababa anavalanso magalasi aja. Anaitenga n'kupita nayo pakhomo pamene pali dzuwa, n'kuipendeketsa ngati mmene amapendeketsera mutu wa munthu akamayang'ana mzere wa m'khosi.

"Aka," anatero. "Katsitsi kotsalira."

Kanali kansonga ka mwendo wamkati uja, kotulukira pansi pa labala n'kupindikira kukhoma la chitsulo. Ndi waya wonenepa ankadula pafupi chifukwa ankauona bwino, koma wowondawu unawazemba. Sanafune kubunthitsa sizasi yawo, anatenga chowengera zikhadabo n'kukadula kuti the. Nditayeza, manambala anakhazikika.

Anamangiriranso n'kudina. Ulendo uno kagetsi sikanaphethire, kanayaka bwinobwino. Koma panalibe kulira, panalibe nthunzi.

Dalaivala anaseka. "Chikukuvutitsani dala chimenecho. Chikufuna maliro aulemu."

Ababa sanamumve. Anamasula thanki n'kusuzumira kumutu kwa batire, pamene pali kachitsulo kozungulira kamene kamagundana ndi kapini ka koyilo. Anayang'ananso kumutu kwa chipangizo cha dalaivala.

"Cha uyu kachitsuloka kali pamwamba. Changa kalowa pansi." Anakakhudza ndi chala. "Ndakamiza ndine. Chikakana ndinkamanga mwamphamvu, chikakananso ndinkawonjeza. Lero lomwe ndachimanga ngati nati ya tayala."

Zimenezo ine ndinali ndisanaziganize. Ndinawapatsa kasukuludalaiva kanga kotsegulira mafoni, n'kuwauza kuti ayambe azimitsa batire, ndipo asakanyamule kwambiri chifukwa kunsi kwake kuli kawaya kosachedwa kuduka. Analowetsa nsonga m'mphepete, kutukula pang'ono, kutembenuza batire, kutukulanso mbali inayo, mpaka kachitsuloko kanakwera mofanana. Anayatsa batire n'kumangirira thanki ndi zala ziwiri zokha, itangogunda n'kusiya.

Sanachiike pakamwa. Anachiika kukhutu n'kudina. Tonse tinamva kuti tsss.

Anatuluka panja, n'kukoka kamodzi ataima pakhomo, nthunzi n'kukwera pang'onopang'ono. Anakokanso. Atabwerera m'kati anachipukuta ndi nsalu n'kuchibwezera m'thumba la malaya.

"Mng'ono wanga sankagula zinthu zachabechabe," anauza dalaivala uja. Kenako anandilozera mpando. "Khala, anthu angamati kuno timameta mbali imodzi."

Dzanja lawo linali litapepukanso. Akumeta anayamba kumufotokozera dalaivalayo za paipi yaikulu ndi paipi yaing'ono, za batire lamantha, ngati zinthu zimene anabadwa akuzidziwa. Ine ndinkangomwetulira m'kalilole. Atamaliza anandisasa m'khosi n'kufunsa kuti mita yonga yangayo imagulitsidwa kuti.

Anaigula. Wogulitsa wa kusitolo uja atamva za makoyilo a Ababa, anayamba kuwatumizira anthu ena okhala ndi mabatire akale, ambiri a iwo achikulire amene anasiya fodya kalekale ndipo sankafuna kuphunzira chipangizo china. Ababa amawapotera makoyilo podikira makasitomala, ndipo salola kuti koyilo ichoke pashelefu asanaiyeze kawiri, ili payokha komanso ili m'chitsulo. Ineyo anandiphunzitsa kutembenuza singano. Zanga zimayaka, koma akuti zikadali zonyansa.

Lachiwiri lina m'mawa ndili pantchito, ndinangoona Ababa atulukira pakhonde la kashopu kanga, atavala jekete. Anati akudutsa chabe. Anakhala pasitulu n'kumandiyang'ana ndikusintha polowera chaja pafoni ya munthu, timiyendo take tating'ono ngati nsidze, chowotchera chili m'dzanja, galasi lokulitsa lili kumaso. Mwini foniyo, bambo wa tayi, ankangoyang'ana wotchi.

"Achemwali, zitenga nthawi yaitali bwanji? Ndikuchedwa."

Ndisanayankhe, Ababa anamugwira pamkono.

"Khalani pansi, achimwene. Ameneyu ndi mwana wanga. Musamufulumizitse, ikatuluka pamenepo simudzabweranso nayo."

Bamboyo anakhala. Ababa anasendeza situlu kufupi ndi tebulo, n'kuvala magalasi kuti aone bwino.