Mimba Yowomba M'manja

Makilo makumi anayi ndi asanu anachoka m'thupi mwa Mayi a Mapasa m'zaka ziwiri, koma khungu linakana kusamuka. Linatsala lili lende pamimba ngati thumba lomwe akhuthulamo ufa, ndipo mayiwa akati adumphe, linkamenya ntchafu, pha! Kunyumba zimenezi zinali zoseketsa. Koma Loweruka limeneli anayenera kudumpha pamaso pa anthu.

Mkulu wa holo ina yochitiramo masewera olimbitsa thupi ankafuna mphunzitsi wa majowajowa a amayi. Anauza Mayi a Mapasa kuti atsogolere gulu kamodzi, iye aonerere, akakhutira ntchito ndi yawo. Mayi a Mapasa ankaifuna ntchitoyi mpaka kusowa nayo njala. M'holo momwemo ndi momwe anayambira, ali kumzere wakumbuyo, akupuma wefuwefu asanamalize n'komwe nyimbo yoyamba.

Choncho m'mawa anaitanitsa mlamu wawo, namwino, yemwe anafika ndi mabandeji atatu ndi mapini odzaza dzanja.

"Tulutsani mpweya, alamu. Ndati tulutsani, osati kukoka!"

"Inu, mukundimanga ngati katundu wapanjinga."

"Nanga si katundu? Gwirani apa. Kachikopa aka tikalowetse kumanzere kapena kumanja?"

Anaseka mpaka pini imodzi inathothoka, n'kuyambiranso. Pomaliza Mayi a Mapasa anadziyang'ana pagalasi, mimba ili fwaa, chiuno chilipo ndithu. Anatembenuka uku, n'kutembenuka uko. Kupuma kunkavuta, koma kupuma n'chiyani munthu ukatchena?

Kuholo kunabwera amayi makumi awiri. Mkulu wa holo anaima pakhomo atapinda manja. Pafupi naye panali mayi wina wachilendo, wonenepa kwambiri, yemwe anakumbatira chikwama chake osalowa pamzere.

Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri, Mayi a Mapasa anayamba kudzimva. Mawu anakwera, miyendo inapepuka, mpaka anaiwala kuti ndi munthu womangidwa.

"Tiyeni amayi! Manja m'mwamba, miyendo tang'a! Dumphani!"

Pini inauluka. Bandeji inatulukira pansi pa malaya, n'kumatalika ngati mchira, iwo n'kuiponda, yonse n'kusomphoka. Kenako holo yonse inamva.

Pha! Pha! Pha!

Mayi a Mapasa anaima. Manyazi anawagwira, nkhope inatentha, anafuna pansi patatseguka. Amayi anangoti zii, wina akuyang'ana kudenga, wina akumanga nsapato yomanga kale. Amene anaphulika ndi kuseka poyamba anali mlamu wawo uja, namwino wopanda chisoni, atadzigwira pamimba kumzere wachitatu.

Madzi akatayika saoleka. Mayi a Mapasa anatola bandeji ija, n'kumuponyera mwini wake. Kenako anapita pa wailesi n'kuizimitsa.

"Mwaimva eti? Ng'oma imeneyi ndaikunga zaka ziwiri, ndiye muivinire. Ikati pha, inu muli m'mwamba. Tiyeni!"

Anadumpha. Pha! Amayi anadumpha, ena akugwa ndi phwete. Pha! Wina anakuwa kuti, "Onjezani volyumu!" Iwo anadumpha kwambiri. Pofika kakhumi onse ankawerenga mokweza, misozi ili mbwee, thukuta lili kamukamu, ndipo mayi wina wachikulire anakweza manja kuonetsa kuti nayenso ali nato timapiko take. Mayi a Mapasa anali asanasekepo chonchi chichepereni thupi. Anadumpha mpaka mpweya unawathera.

Atamaliza anakhala pabenchi, mtima uli phaphapha. Chimwemwe chitayamba kuzizira, mantha anabwerera. Mkulu wa holo anali chiimire, nkhope yosawerengeka. Ndani angalembe ntchito mphunzitsi wosomphoka pagulu?

Amene anabwera anali mayi wachikwama uja. Anakhala kumapeto kwa benchi, n'kulankhula chapansipansi.

"Pepani mayi. Inuyo munali ngati ine?"

"Kuposa inu. Benchi ino tikanakhala awiri ikanadandaula."

"Ndiye ndikachepa thupi, nanenso zidzatero?"

Mayi a Mapasa anafuna kunama, koma analephera.

"Zidzatero. Mwina yanu idzamveka mpaka kumsewu."

Mayi uja anaseka pang'ono, kenako maso anadzaza misozi.

"Ine masitepe akuntchito ndimapumira kawiri. Mwana wanga akathawira kumsewu ndimangokuwa."

"Anga ndi awiri, amathawira mbali zosiyana. Onse ndimawagwira."

Mayi uja anaimirira. Kenako anaika chikwama chija pansi, n'kutembenukira kwa mkulu wa holo.

"Bambo, Lolemba amayamba nthawi yanji?"

Mkuluyo anamasula manja, akupukuta m'maso ndi chala.

"Musandifunse ine, mayi. Funsani aphunzitsi anuwo."