Botolo Lomwe Ndinalitsuka

Matenda a shuga atawalanda maso, amuna anga anayamba kundidziwa ndi mphuno. Ndikangolowa pakhomo, ngakhale nditavula nsapato, ankatembenukira kumene ndili n'kuyamba kundifunsa za mabatire a wailesi. Chinsinsi chinali perefyumu yemwe anandigulira iwo eni akadali dalaivala wa basi, ndipo ine ndinkamudontheza pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso.

Perefyumuyo atatha, zinthu zinasintha. Ndikalowa ankadzidzimuka, n'kugwiritsa mkono wa mpando, n'kufunsa kuti ndi ndani. Munthu amene ndamera naye imvi m'chipinda chimodzi kundifunsa zimenezo! Kunkandipweteka, sindinama, ndipo iwonso anayamba kukhala mwamantha m'nyumba mwawo momwe. Mwana wathu wamkazi anandibwereka wake wonunkhira ngati maswiti, koma bambo ake anangoyetsemula tsiku lonse.

Dzina linali litafufutika kalekale pabotolo, ogulawo n'kuliiwalanso. Ndinaganiza zopita nalo kusitolo kuti akalinunkhize. Koma ine ndinaleredwa kuti chinthu chakuda sapita nacho pa anthu, choncho ndinalitsuka ndi sopo ndi madzi otentha, chotsekera chomwe, mpaka linachita kuwala.

M'sitolomo munali magalasi okhaokha, ndipo wogulitsa anali mtsikana wa zikhadabo zazitali, akutafuna chingamu. Mumtima ndinati apa ndangotaya nthawi. Ananunkhiza botolo lija, n'kundiuza mwaulemu kuti akumva sopo wotsukira mbale. Ndinasowa poyika nkhope. Pomufotokozera za amuna anga, misozi inalengeza m'maso.

Mtsikanayo analavulira chingamu papepala. Anandifunsa ngati ndili ndi chovala chomwe sindichapachapa. M'chikwama munali mpango womwe ndimakulunga m'khosi kukazizira, ndipo ndinaupereka mwamanyazi. Anayikamo nkhope nthawi yaitali, maso atatsinzina. Kenako anati fungo la maluwa linauluka kale, koma pansi pake patsala la mtengo, ngati thabwa longopalidwa kumene. Anandifunsa ngati poyamba perefyumuyo ankanunkhira maluwa oyera, aja amatulutsa fungo madzulo, ndipo ndinavomera msangamsanga.

Anatsitsa mabotolo awiri. Lina anandipopera padzanja lamanzere, lina lamanja. Nditati nditikite manjawo pamodzi monga ndinazolowera, anandigwira mikono ngati akuletsa ndewu. Ine ndinakopeka ndi wa kumanzere, ndipo ndinali nditayamba kale kutsegula chikwama.

"Ayi mayi, lero musagule," anatero. "Maluwawa ndi moni chabe, sachedwa kuchoka. Chimene bambo amachidziwa ndi cha mtengocho, ndipo chimatulukira pambuyo. Pitani akasankhe okha, mudzabwere mawa. Koma chonde m'njira musasambe m'manja, inu ndakuonani kale."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Wogulitsa wina akanangondikulungira botolo lodula n'kunditsanzika. Mwana wa eni uja ndimamuthokoza mpaka lero, ndipo ndikadutsa pasitolopo sindilephera kusuzumira kuti ndimupatse moni.

M'basi ndinakhala manja ali motalikirana ngati ndili ndi zithupsa m'khwapa. Kondakitala anandiyang'ana modabwa, ine osalabadira.

Kunyumba ndinapeza amuna anga ali pampando wawo pafupi ndi zenera, mwana wathu atangowaikira tiyi. Ndinamukodola kuti akhale chete, ndipo iye anangowauza kuti pabwera mlendo. Ndinakhala pambali pawo n'kuwapatsa dzanja lamanzere. Analinunkhiza bwinobwino, n'kunena kuti fungolo ndi labwino ndithu, koma mayi ameneyu sakumudziwa, ndipo akhale patali chifukwa akazi awo ndi ansanje. Mwana wathu anathawira kukhitchini atatseka pakamwa.

Ndinawapatsa lamanja. Apa sanachite nthabwala. Anakoka mpweya, kenako anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri n'kuligunditsa patsaya.

"Mayi a ana," anatero motsitsa mawu, "munali kuti nthawi yonseyi?"

"Ndinali pompano, bambo."

Anagwedeza mutu kukana, osandisiya dzanja. Tiyi uja anazizira pathebulo, ndipo sindinadzuke kukamutenthetsa.