Kabatani ka malemu Lorenso

Dzuwa la ku Bangula silikambirana ndi munthu. Pofika masana malata a kanyumba ka pampu ankachita kulira okha, ndipo mai Juliana, amene ankayang'anira madzi a minda ya mpunga, ankangosinza pampando, minda ikuyandama m'maso mwawo ngati ili pamwamba pa madzi.

Pakona panali kompyuta yachikale, yotuwa ndi fumbi. Malemu amuna awo, a Lorenso, ndiwo anaiphunzitsa ntchito. Thanki ikadzaza, kompyutayo inkatumiza chizindikiro, ndipo pa sipika pankatuluka mawu a malemuwo: "Amake Anita, madzi adzaza, katsekeni!" Mai Juliana ankatseka madzi, n'kubwera kudzadina kabatani kofiira monga anawalangizira amunawo. Kwa iwo kudinako kunali kuyankha kuti wawa, ndamva. Zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirireni bambowo, banja linkayendabe bwino, mwinanso kuposa kale, poti tsopano a Lorenso sankamwa.

Tsiku lina kunabwera Fortune, mtsikana wokonza makina wochokera ku Blantyre, atanyamula kompyuta yatsopano. Anawerenga zimene malemu analemba m'kompyuta yakaleyo, n'kupukusa mutu.

"Mayi, malamulo awa ndi a makedzana. Kampani imene inawapanga inawasiya kalekale, makina atsopano sawadziwa. Koma mawu a bambo ndikhoza kukuikirani m'foni."

"M'foni ndiye kuti ndiziwaitana ine," anatero mai Juliana, mtima ukuwawa. "Muno amandiitana ndi iwo, akaona madzi. Usandichotsere amuna anga, mwanangu."

 Fortune anali wachifundo, koma bodza sankalitha. Analoza mzere wina pagalasi la kompyuta yakaleyo.

"Lamulo ili limaitana kamodzi, kenako limaiwala. Kuti lidzaitanenso, pamafunika munthu alitchere kachiwiri. Kabatani mumadina kaja, ntchito yake ndi imeneyo."

"Iwe, ine ndimakhala ndikuwayankha!"

"Mumakhala mukuwadzutsa, mayi."

Mai Juliana sanavomere. Anati adikire thanki idzaze, aone wabodza ndani. Anakhala pansi awiriwo, pampu ikung'ung'udza. Tulo tamasana tinawaba pang'ono mayiwo, ndipo anaona a Lorenso akupalasa bwato pakati pa mpunga, malaya ali paphewa, osacheuka. Kenako sipika inakhosomola.

"Amake Anita, madzi adzaza, katsekeni!"

Mai Juliana anatseka madzi, koma kabatani sanakakhudze. Anatsegulira madzi kuminda mpaka thanki inaphwa, n'kuyatsanso pampu. Madzi anakwera, anafika pakamwa pa thanki, anasefukira. Anayenda pabwalo, n'kulowa m'kanyumbako, kunyowetsa mapazi awo. Mai Juliana anaima chiimire, makutu ali ku sipika. A Lorenso, munthu amene sankalola dontho limodzi kutayika, anali zii.

Chala chawo chinapita chokha pa kabataniko, chinaima m'malere. Anamva chisoni chachikulu, komanso manyazi, ngati munthu amene wakhala akugwedeza mlendo wotopa kuti adzuke acheze.

"Zaka zonsezi," anatero motsitsa mawu, "munthu sindinamulole kugona."

Anabweza dzanja, n'kulipukuta pa chitenje.

"Zula chingwe cha kompyutayo, mwanangu. Za m'foni zija usiye. Madzi ndiziwayang'ana ndekha."